Mmene Mungapewere Chuku M'dothi la Chinkhanira Choweta M'bokosi Lagalasi

Anthu ambiri amene ayamba kuweta chinkhanira chakuda cha mtundu wa emperor amakumana ndi vuto limodzimodzi mwezi usanathe. Munthu wakonza bokosi bwinobwino, wathiramo dothi lonyowa monga anamulangizira, koma tsiku lina m'mawa akupeza khungwa la mtengo lavala ubweya woyera ngati thonje, pakona pamera kachigamba kobiriwira, ndipo akatsegula chivindikiro mukutuluka fungo longa la chimanga chimene chalongedwa m'thumba chisanaume. Ena akaona zimenezi amasiyiratu kuthira madzi kuti dothi liume gwa. Chuku chimathadi, koma chinkhanira chimayamba kufooka, chifukwa kwawo ndi m'nkhalango zachinyezi za kumadzulo kwa Africa, m'mayiko monga Ghana, Togo ndi Benin. Ena amakhuthula zonse sabata ndi sabata, kugumula una umene nyamayo yakumba usiku wambiri, n'kuthiramo dothi latsopano limene nalonso limachita chuku pakangopita masiku ochepa.

Chuku chimamera pamene pali chinyezi, kutentha, chakudya ndi mpweya wosayenda. Timbewu take tosaoneka ndi maso timauluka m'nyumba iliyonse, ndipo palibe njira yotitsekereza. Chinyezi ndi kutentha simungazichotse, pakuti chinkhanira chanu chimafuna madigiri 25 mpaka 29 ndi chinyezi cha mumpweya cha maperesenti 75 mpaka 80. Ntchito yanu yonse yagona pa ziwiri zotsalazo: kumana chuku chakudya ndi kuyendetsa mpweya, kwinaku madzi mukuwasunga pansi pa dothi pamene nyamayo imawafuna, osati pamwamba pamene chuku chimawafuna. Malangizo awa ndalembera chinkhanira cha emperor chimenechi, chimene dzina lake la sayansi ndi Pandinus imperator, koma amathandizanso kwa amene akuweta zinkhanira zakuda za m'nkhalango za ku Asia za m'gulu la Heterometrus, ngakhalenso akangaude a tarantula okumba mauna ochokera kumadera a mvula yambiri.

Zofunika kukhala nazo

- Bokosi lagalasi kapena lapulasitiki yoonekera mkati, la masentimita pafupifupi 60 mulitali, 30 mulifupi ndi 30 kapena kuposerapo msinkhu, lokhala ndi chivindikiro chotsekeka bwino.
- Njerwa ziwiri za coco peat, zimene ndi makoko a kokonati ophwanyaphwanya ndi kupanikizidwa. Njerwa ya magalamu 650 ikaviikidwa imafufuma n'kukwana malita 8 kapena 9.
- Dothi lakuda lapamwamba lopanda feteleza, manyowa kapena mankhwala ophera tizilombo.
- Mchenga wa kumtsinje wotsukidwa bwino.
- Timiyala totsukidwa, kapena timibulu ta dongo lootcha togulitsidwa m'masitolo a maluwa.
- Sefa ya pulasitiki ya mabowo ang'onoang'ono, yotalika ndi kutambalala ngati pansi pa bokosi.
- Kapaipi ka pulasitiki kotalika masentimita 25.
- Khungwa la cork (khungwa lopepuka la mtengo limene amapangira zotsekera mabotolo a vinyo), kapena theka la mphika wadothi wootcha.
- Kambale ka madzi kosazama.
- Makala wamba a mtengo, chibakera chimodzi chodzaza.
- Tizilombo totsuka bokosi totchedwa springtails, ndipo ngati tikupezeka, timaisopodi toyera tating'ono (tizilombo ta miyendo yambiri tokhala pachinyezi, todya zowola).
- Chopanira chachitali cha masentimita 25 kapena 30, sipuni yachitsulo, beseni, ndi kabokosi kena kotsekeka kosungiramo chinkhanira mongoyembekezera.
- Chipangizo choyezera kutentha ndi chinyezi cha manambala.
- Kamphasa kotenthetsa ka magetsi ndi thermostat yake (kachipangizo kozimitsa kamphasako kutentha kukakwana), kwa amene muli kumalo ozizira.

Pa nyama yeniyeniyo ndinenepo mawu amodzi ndisanapitirire. Chinkhanira cha emperor chinaikidwa pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES (la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire) mu 1995 chifukwa chinkagwidwa kwambiri m'tchire kukagulitsa kunja, choncho gulani chimene chinabadwira kwa woweta. Musayese kutola chinkhanira pansi pa mwala kumudzi kuti muchiwete motsatira malangizo awa. Zambiri za kuno kummwera kwa Africa zimakhala kouma, dothi lonyowa limazidwalitsa, ndipo za m'gulu la Parabuthus, za mchira wonenepa ndi zopanira zowonda, zili ndi ululu wotha kupha munthu.

Sitepe 1: Yambani ndi mabowo a mpweya, dothi lisanalowe

Apa ndi pamene nkhondo yambiri imapambanidwira kapena kulepherekera, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ndi pamenenso anthu ambiri amapadumpha. Mpweya wotentha ndi wonyowa umakwera m'mwamba. Ngati mabowo ali pa chivindikiro pokha, mpweya wa pamwamba umasinthika koma wa pafupi ndi dothi umangokhala phee, ndipo chuku chimamera pomwepo. Mukufunika mabowo pamalo awiri: mzere umodzi m'mbali, masentimita 3 mpaka 5 pamwamba pa pamene dothi lidzalekezere, ndi mzere wina kumbali yoyang'anizana nayo chakumtunda, kapena pa chivindikiro. Mukatero mpweya umalowa mmunsi, kusesa pamwamba pa dothi, n'kutulukira kumwamba.

Ngati bokosi ndi lapulasitiki, boolani ndi msomali wotenthetsa pamoto kapena ndi chobowolera, mabowo a mamilimita 3 otalikirana masentimita 3, ndipo muchitire panja chifukwa utsi wa pulasitiki ndi woipa. Palani m'mphepete mwa bowo lililonse kuti musatsale zosongoka. Ngati ndi lagalasi ndipo simungathe kuliboola, sankhani lokhala ndi kamzere ka mabowo kutsogolo pansi pa zitseko. Likakhala lija lowetera nsomba m'nyumba, lotseguka pamwamba pokha, ikani chivindikiro cha sefa n'kutseka pakati pake ndi galasi kapena pulasitiki, kusiya malo otseguka kumapeto onse awiri, kumodzi kukhale kumbali yotentha kuti mpweya uzikokeka.

Chenjezo: musatseke mabowo n'cholinga chokweza nambala ya pa chipangizo choyezera chinyezi. Bokosi lotsekedwa ndi tepi kapena pepala la pulasitiki limafika maperesenti 90 mosavuta, koma mpweya wake umakhala wakufa. Chinkhanira chimapuma kudzera m'timabowo 8 ta kumimba kwake, pafupi kwambiri ndi dothi, motero mpweya woipa wa pansi umachipweteka choyamba.

Sitepe 2: Yalani malo otsikira madzi

Tsukani bokosi ndi madzi otentha, osagwiritsa ntchito sopo wonunkhira, n'kuliumitsa. Yalani timiyala kapena timibulu ta dongo masentimita 3 mpaka 4. Imikani kapaipi kaja pakona imodzi ya kutsogolo, kumunsi kwake kufike pa timiyala, kenako yalani sefa pamwamba pa timiyalato mutaiboola pamene padutse paipi. Sefayi ndi yofunika kwambiri kwa nyama yokumba: popanda iyo chinkhanira chimakumba mpaka pa miyala, kusakaniza zonse, ndipo mwala ungachigwere mu una. Kukamwa kwa paipi tsekaniko ndi kachidutswa ka sefa kapena kachivindikiro kuti tizilombo ta chakudya tisagweremo n'kuwolera pansi pamene simungafike.

Phindu la dongosololi ndi lakuti madzi mumawathirira kudzera m'paipi, n'kumakwera okha pang'onopang'ono m'dothi kuchokera pansi, pamene pamwamba pamakhala pouma pang'ono. Komanso mumatha kuona ndi maso kudzera m'galasi ngati madzi achuluka.

Chenjezo: madzi asadzaze mpaka kukhudza sefa. Akafika pamenepo dothi limasanduka dambo, mpweya umathawamo, ndipo limayamba kununkha ngati dzira lowola. Theka la msinkhu wa timiyala ndi lokwanira.

Sitepe 3: Sakanizani dothi ndipo muliyese ndi dzanja

Viikani njerwa za coco peat m'beseni la madzi ofunda, malita 3 kapena 4 pa njerwa iliyonse, ndipo mudikire mphindi 30 kuti zifufume. Zitsukuluzeni kamodzi, chifukwa zina zimabwera ndi mchere, kenako finyani mwamphamvu pang'onopang'ono ndi manja. Ine ndimasakaniza magawo atatu a coco peat, awiri a dothi lakuda ndi limodzi la mchenga, n'kuwazamo makala ophwanya tizidutswa ngati nyemba. Coco peat payokha imasunga madzi bwino koma siigwira: una umagumuka ukangouma pang'ono. Dothi lakuda ndi limene limaupatsa mphamvu, ndipo limabweretsanso tizamoyo tina ta m'nthaka timene timalimbirana chakudya ndi chuku. Pa bokosi la masentimita 60 ndi 30, kuti dothi lizame masentimita 15 mufunika malita 27.

Dothi lakudalo lipeteni kapena kulisefa, muchotse timizu, udzu, zitosi ndi tizidutswa ta mitengo, chifukwa zimenezi ndi chakudya chenicheni cha chuku. Ngati mukulitenga panja, pewani m'munda mmene munathiridwa feteleza kapena kupoperedwa mankhwala, pewani pafupi ndi khola ndi dzala, ndipo muonetsetse kuti mulibe nyerere kapena chiswe. Ngati mukugula la m'matumba, werengani bwino zolembedwapo. Lambiri la maluwa limakhala losakaniza kale ndi feteleza kapena manyowa.

Tsopano yesani. Tapani dothi lodzaza dzanja, mulifinye mwamphamvu. Likatuluka madzi oyenderera pakati pa zala, lanyowa kwambiri: liyanikeni pa thumba loyera pamthunzi podutsa mphepo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Likamwazika mutangotambasula dzanja, lauma kwambiri. Loyenera limagwirana ngati mbamu ya nsima yozizira, osadontha, ndipo mukalikhudza ndi chala limasweka. Musafulumire pa sitepe imeneyi. Chuku chambiri cha m'sabata zoyambirira chimabwera chifukwa coco peat inalowa m'bokosi ikadali chonyowa kuchokera m'beseni, ndipo dothi lozama masentimita 15 likalowa lonyowa motero limatha miyezi lisanaphwe.

Funso limene limabuka kawirikawiri ndi lakuti kodi dothi liphikidwe mu uvuni kuti tizilombo tife. Maganizo anga ndi akuti ayi, pokhapokha ngati mwaonamo nyerere kapena nthata. Dothi lophikidwa limakhala ngati munda wolimidwa kumene umene mulibe chomera chilichonse: mbewu yoyamba kugweramo imatenga malo onse, ndipo mbewu yoyambayo nthawi zambiri imakhala ya chuku chochokera mumpweya wa m'nyumba mwanu. Ngati mwakakamizika kuliphika, lisakanizeni pambuyo pake ndi dothi lochepa lochokera m'bokosi lakale lathanzi, ndipo musachedwe kuikamo ma springtails.

Chenjezo: musagwiritse ntchito utuchi. Wa paini, wa mkungudza ndi wa bulugamu uli ndi mafuta onunkhira amene amapweteka nyama zotere, ndipo utuchi uliwonse ukanyowa umachita chuku msanga.

Sitepe 4: Thirani dothi mosanjikiza, mukutsendera

Thirani masentimita 5 oyamba, mutsendere ndi chikhato mpaka litagwirana, kenako muonjezere ena 5 n'kutsenderanso, mpaka mufike masentimita 15 kapena kuposerapo. Kumbuyo kukhale kokwera kuposa kutsogolo. Masentimita awiri omaliza a pamwamba akhale a dothi limene mwaliumitsako kuposa linalo. Mukayang'ana m'mbali mwa galasi muyenera kuona mitundu iwiri: pansi pakuda bii, pamwamba potuwirako. Maonekedwe amenewa ndi amene muziwasunga nthawi zonse, ndipo amakuuzani zoona kuposa chipangizo chilichonse.

Dothi losazama ndi limodzi mwa magwero obisika a chuku. Likakhala masentimita 5 okha limauma msanga, mwini wake amakakamizika kupopera madzi tsiku ndi tsiku, ndipo pamwamba sipauma konse. Lozama limasunga chinyezi pansi kwa masabata, ndipo chinkhanira chimadzisankhira chokha pamene chikufuna kukhala.

Sitepe 5: Sankhani zobisalamo zosawola

Khungwa la cork ndi labwino koposa chifukwa silimwa madzi ndipo limachedwa kwambiri kuwola. Theka la mphika wadothi nalonso ndi labwino, ndipo limapezeka mosavuta. Liikeni mopendekeka, mbali ina italowa m'dothi, n'kukumba kadzenje pansi pake ndi zala ziwiri kuti chinkhanira chipeze poyambira. Mwala wolemera usakhale pamwamba pa dothi, chifukwa nyamayo ikakumba pansi pake udzaiphwanya.

Nsungwi, mtengo wa mpesa, zikho za kokonati zimene sizinapalidwe bwino mkati, makatoni ndi nthambi zaziwisi zimavala chuku m'masiku ochepa zikakhala pachinyezi. Ngati mukufuna nthambi, tengani ya mtengo wolimba youma kale, muichape ndi burashi m'madzi otentha, n'kuiyanika padzuwa masiku angapo mpaka iume mkati momwe. Masamba ouma oyala pamwamba ndi abwino pokhapokha tizilombo totsuka titachulukana kale. Pachiyambi asiyeni kaye.

Sitepe 6: Lowetsani tizilombo totsuka, kenako dikirani

Ma springtails ndi tizilombo toyera ta mamilimita 1 mpaka 3 timene timadumpha tikakhudzidwa, ndipo chakudya chake chachikulu ndi chuku ndi zinthu zowola. Mtundu wofala pa malonda ndi Folsomia candida. Amagulitsidwa m'timabokosi ta makala onyowa. Thiranimo madzi pang'ono, tizilomboto tiyandama, n'kutsanulira madziwo pakona yonyowa ya bokosi lanu. Theka lina lisungeni: m'kabokosi ka makala ndi madzi ochepa pansi, mukamaikamo njere ziwiri kapena zitatu za mpunga wosaphika sabata iliyonse ndi kutsegula chivindikiro kuti mulowe mpweya, amaswana osalekeza ndipo simudzagulanso. Timaisopodi toyera totchedwa Trichorhina tomentosa timathandiza pa zotsala zikuluzikulu za chakudya, ndipo timakhala m'dothi momwemo osavutitsa chinkhanira.

Mukatha izi, yatsani chotenthetsera ngati chilipo, tsekani chivindikiro, ndipo bokosi likhale lopanda chinkhanira kwa masabata awiri kapena atatu. M'nthawi imeneyi n'kutheka kuti muona ubweya woyera pa khungwa kapena pa dothi. Musade nkhawa ndipo musakhuthule. Chuku choyambachi chikudya tizakudya tosavuta timene tinatsalira m'dothi latsopano, ndipo tikatha nachonso chimazilala, makamaka ma springtails akachipeza. Nthawi yodikirayi ndi yokonzeranso mabowo: ngati galasi likuchita thukuta tsiku lonse, onjezerani mabowo, koma ngati dothi likuuma mpaka pansi m'masiku anayi, tsekani ena ochepa.

Chenjezo: musaike maisopodi akuluakulu otola pansi pa miphika ya maluwa kapena mtundu wa Porcellio laevis. Amakonda nyama, ndipo angathe kuluma chinkhanira chaching'ono pamene chafundula kumene, thupi likadali lofewa.

Sitepe 7: Thirirani pansi, osati pamwamba

Kamodzi pa sabata yang'anani m'mbali mwa galasi. Ngati mzere wa dothi lakuda watsika kufika theka, thirani madzi m'paipi pang'onopang'ono mpaka muwaone pakati pa timiyala. Ngati mulibe paipi, thirani pakona imodzi motsatira galasi kuti madzi atsike pansi, kutali ndi khomo la una, ndipo ulendo wotsatira musinthe kona kuti malo amodzi asakhale chinyowere. Mbali imodzi ya bokosi izikhala youmirako nthawi zonse.

Kupopera madzi ndi botolo kumanyowetsa pamwamba pokha, kukweza chinyezi kwa ola limodzi kapena awiri, n'kusiya pansi pouma. Kumeneko ndi kutembenuza zinthu: chuku chalandira madzi, chinkhanira chili mu una wouma. Ngati mukufuna kupopera, poperani pang'ono pa galasi la mbali imodzi madzulo, ndipo pofika m'mawa pakhale patauma.

Kambale ka madzi kazikhala kodzaza nthawi zonse, ndipo muzikatsuka masiku awiri kapena atatu alionse. Pochotsa, yang'anani pansi pake, chifukwa pamenepo ndi pamene chuku chimakonda kuyambira mobisika. Musaikemo thonje kapena siponji.

Muzitsatiranso nyengo. Amene muli ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, kuyambira Disembala mpaka Malichi mpweya wa m'nyumba umakhala wonyowa kale, choncho chepetsani kuthirira ndipo mabowo onse akhale otsegula, pamene mu Seputembala ndi Okutobala dothi limauma msanga ndipo limafuna madzi pafupipafupi. Amene muli ku Britain m'nyengo yozizira, kapena ku Johannesburg m'miyezi ya Juni ndi Julayi, vuto lanu ndi galasi lozizira: mpweya wofunda wa m'kati ukaligunda umasanduka madontho amene amatsikira m'dothi m'mphepete monse. Chotsani bokosi pafupi ndi windo kapena khoma lozizira. Kamphasa kotenthetsa kamatidwe m'mbali mwa bokosi, kolumikizidwa ku thermostat, osati pansi. Nyama yokumba ikamva kutentha imathawira pansi, ndipo ikapeza kuti pansipo ndi pamene pakutentha koposa ilibenso kothawira.

Sitepe 8: Dyetsani mwadongosolo ndipo muchotse zotsala

Chinkhanira chachikulu chimakhuta ndi nkhululu kapena mphemvu zowetedwa ziwiri kapena zitatu pa sabata. Dyetsani madzulo, chimodzichimodzi ndi chopanira, ndipo muone kumene chakudyacho chapita. M'mawa mwake fufuzani ndi tochi. Chinkhanira sichimeza nyama yonse: chimatafuna, kuyamwa zamadzimadzi, n'kusiya kambulu ka zikamba, miyendo ndi mapiko, kawirikawiri pakhomo la una kapena pafupi ndi madzi. Kambulu kameneka m'bokosi lofunda ndi lonyowa kamavala chuku m'masiku awiri kapena atatu, ndipo kamaitananso nthata ndi tintchentche. Kachotseni ndi chopanira pamodzi ndi dothi lochepa lozungulira. Chakudya chamoyo chimene sichinadyedwe pakatha maola 24 chitulutseni. Mphutsi ndi mphemvu zimene zimakumba muziziphwanya mutu musanazipereke, kuti zisalowe m'dothi n'kukafera kosaoneka.

Zitosi za chinkhanira zimaoneka ngati timadontho toyera touma, ngati choko. Pa galasi pukutani ndi kansalu konyowa, pa dothi tapani ndi sipuni.

Chenjezo: chinkhanira chaching'ono chikakana chakudya, kunenepa mpaka zikamba za pamsana kutalikirana, n'kudzitsekera mu una, chatsala pang'ono kufundula. Musakumbe kuti mufufuze zotsala, musasiyemo nkhululu yamoyo, ndipo chikafundula dikirani sabata yathunthu kapena kuposerapo musanachidyetse. Chimodzimodzinso chachikazi chimene chabereka ana oyera kumsana: chikasokonezedwa chimatha kuwadya. Kachigamba ka chuku pakona kangadikire, koma nyama yofewa yosokonezedwa singabwererenso.

Sitepe 9: Chuku chikaoneka, yambani mwachizindikira

Si chilichonse chomera m'bokosi chimene chili choopsa. Ubweya woyera wopyapyala pa khungwa kapena pa kambulu ka chakudya ndi nkhani yaing'ono. Tapani ndi sipuni malowo pamodzi ndi dothi la masentimita awiri mozungulira ndi pansi, pang'onopang'ono kuti fumbi lake lisauluke, mutsekepo ndi dothi louma, muonjezere ma springtails, ndipo musathire madzi mbali imeneyo kwa sabata. Khungwa litulutseni, mulichape ndi madzi otentha, n'kuliyanika padzuwa mpaka liume. Timibulu tachikasu m'mbali mwa galasi, kenako kabowa kachikasu kowala, kawirikawiri ndi Leucocoprinus birnbaumii, bowa wofala m'miphika ya maluwa. Savulaza chinkhanira, koma ndi wosadyedwa, choncho muzuleni asanatambasuke, makamaka ngati m'nyumba muli ana.

Dothi lonse lisinthidwe ngati chuku chobiriwira kapena chakuda chafalikira malo aakulu n'kumabwerera mutachichotsa kawiri, ngati chalowa m'kati mwa una, ngati dothi likununkha zowola kapena zowawasa, kapena ngati nthata zayera pa galasi ndi pa thupi la nyamayo. Chizindikiro china ndi chinkhanira chimene chasiya una wake n'kumangoyesa kukwera galasi usiku ndi usana. Posintha, chilowetseni m'kabokosi pochikankha pang'ono kumbuyo ndi burashi yofewa, osachinyamula ndi mchira. Tulutsani bokosi panja, valani chophimba pakamwa ndi mphuno, ndipo ngati muli ndi mphumu pemphani wina akuthandizeni. Tayani dothi lonse, tsukani galasi ndi madzi otentha osakaniza ndi viniga woyera, tsukuluzani katatu, liume padzuwa mpaka fungo la viniga litatheratu, n'kuyambiranso pa Sitepe 1, osati pa Sitepe 3, chifukwa mukabwezera dothi latsopano m'bokosi la mabowo omwe aja mudzakolola zomwezo.

Mukaona timadontho takuda tatsopano tooneka ngati todyeka pa miyendo kapena pa mfundo za thupi la chinkhanira, chisamutsireni m'bokosi loyera lodutsa mpweya bwino lokhala ndi madzi akumwa, ndipo mufunse dokotala wa ziweto wodziwa nyama zotere.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Cholakwa chachikulu ndi kukhulupirira chipangizo choyezera chinyezi kuposa dothi. Chipangizocho chimayeza mpweya wa pamene chapachikidwa, pomwe chinkhanira chili pansi mu una mmene chinyezi ndi chochuluka kuposa pamenepo. Tizipangizo totchipa ta muvi, tooneka ngati wotchi, timanama kwambiri, ndipo munthu amangothira madzi kuthamangitsa nambala mpaka bokosi kusanduka matope. Ngati dothi la pansi ndi lakuda ndipo kambale kali ndi madzi, nambala ya 65 masana isakuopseni.

Chachiwiri ndi mankhwala. Opopera mbewu pofuna kupha chuku, mafuta onunkhira a zitsamba, bulichi ndi sopo wa m'bafa siziyenera kufika m'bokosi muli nyama. Onjezanipo mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, ngakhalenso koyilo: zimene zimapha udzudzu zimaphanso ma springtails anu ndipo zingaphe chinkhanira. Bokosi la mabowo ambiri limalowetsa utsi umenewu mosavuta, choncho chipinda chimene muli bokosi chisapoperedwe, ndipo ngati nyumba yonse ikupoperedwa, lisamutseni kaye kwa masiku angapo.

Ena amaika bokosi padzuwa kuti chuku chife. Galasi limasunga kutentha ngati galimoto yotseka mawindo, ndipo chinkhanira chingafe m'nthawi yochepa kwambiri. Padzuwa pamayanikidwa khungwa ndi bokosi lopanda kanthu basi. Ena amalozetsa fani m'bokosi mwachindunji, dothi n'kuuma tsiku limodzi. Fani izingoyendetsa mpweya wa m'chipinda chapatali.

Palinso chizolowezi chotembenuza dothi lonse ndi ndodo kuti lipume. M'munda zimathandiza, koma muno zimagumula una, zimakwirira zotsala za chakudya pansi ponyowa, ndiponso zimasakaniza dothi louma la pamwamba ndi lonyowa la pansi, zimene munavutika kuzisiyanitsa. Chofanana nacho ndi kusintha dothi motsatira kalendala. Bokosi lokhazikika, lokhala ndi tizilombo totsuka, limatha chaka kapena kuposerapo osasinthidwa, ndipo lakale lotere silichita chuku kawirikawiri ngati latsopano.

Chomaliza chimachitikira kunja kwa bokosi. Coco peat yotsala imene yasungidwa chonyowa m'thumba lomanga, kabokosi ka nkhululu kokhala ndi masamba owola, ndi chopanira chosatsukidwa chimene chikuyenda bokosi ndi bokosi, zonsezi zimabweretsa chuku ndi nthata kumene kunalibe. Dothi lotsala liyanikeni liume musanalisunge, ndipo musanalithire m'bokosi linunkhizeni kaye: likamveka ngati nthaka ya m'nkhalango mvula itangokata ndi labwino, koma likamveka chuku kapena kuwawasa, litayeni kumunda.